Tsiku Limene Ndinatsekula Mazenera

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikutseka mazenera.
Sukulu yathu ili kuseri kwa bwalo la Interlagos,
ndipo galimoto za mpikisano zikayamba kubangula
magalasi amanjenjemera, fumbi la choko limayoyoka pa bolodi,
ana makumi atatu ndi asanu amandisiyira matupi okha,
mitima itathawira kale ku gulaye.

Lachisanu lija ndinali wotopa.
Ndinalemba: mtunda, kugawa ndi nthawi,
kenako vuuu! mawu anga onse psiti.
Wanderson, amene sanakwezepo mkono chiyambire chaka,
anayankhula nkhope ili pa desiki:
"Imeneyo yalephera, Dona Valdirene. Yasintha giya mochedwa."
Wadziwa bwanji?
"Ndamva."

Ndinatsekula mazenera onse.

Lolemba tinabwera ndi zivindikiro za mabotolo,
makatoni a mkaka, timitengo tootchera nyama,
mabaluni otsala pa phwando la mdzukulu wa alonda.
Pabwalo la simenti tinajambula msewu
wokhotakhota ngati matumbo a nkhuku.
Jucimara anati, rula sipindika, nanga gulaye tiyeza bwanji?
Ndinakhala chete.
Mphunzitsi kukhala chete n'kowawa ngati kumeza singano.
Mwanayo anasolola chingwe cha nsapato yake,
anachigoneka pamzere, anachiwongola pa rula,
kenako anandiyang'ana ngati ndakhala ndikumubisira chinthu.

Pamsewu wowongoka, mamita asanu ndi imodzi,
galimoto ya Edivaldo inatha masekondi anayi.
"Sizikugawika, aphunzitsi, zikutsala ziwiri."
Ndiye galimoto yako yasiya mamita awiri m'thumba mwa ndani?
Anakanda mutu, analuma pensulo,
anagwada, anadula otsalawo pakati ndi choko.
Imodzi ndi theka!
Anakuwa ngati wagoletsa chigoli.
Theka limene ndinalilemba pa bolodi kambirimbiri
analitola yekha pansi, mawondo ali mbuu.

Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi,
choncho Nilza anagwira mpango, Cleiton wotchi ya pa foni.
Anakangana za kadontho,
ngati ziro amawerengedwa akakhala kumapeto,
ngati tayala lalikulu ndi chinyengo.
Tinalipaka inki, tinaligubuduza papepala:
chikhatho chimodzi chopingasa, zikhatho zitatu ndi kanthu kuzungulira.
Kanthu kameneko sindinakatchule dzina mpaka Lachinayi.

Gulu la Wanderson linali ndi galimoto yaliwiro koposa,
koma baluni lawo linkafuna kuuzira kawiri panjira.
Anaphatikiza masekondi oima, anachotsera, anabwerezanso,
ndipo kagalimoto kopepera ka Jucimara kanapambana.
Kuthamanga si kufika, ndinatero.
Wanderson sanaseke. Anapempha pepala lina.

Bambo ake amasesa mipando ya m'bwalomo anthu akabalalika.
Zaka zonsezi mpikisano amaumva ndi makutu, tsache lili m'manja.
Tsiku lina anatitumizira nyenyeswa za matayala m'kachikwama.
Tinaziyeza pa sikelo ya kukhitchini,
ndipo ana anazinunkhiza mmodzimmodzi.

Sindinama, si onse anakhoza mayeso.
Cleiton amasokonezabe kuchulukitsa ndi kuphatikiza.
A hedi anadandaula za choko, mabokosi atatu mwezi umodzi.
Wanderson anapeza zisanu ndi chimodzi pa khumi,
ndipo pansi pa funso lachinayi analemba:
"Funsoli n'lolakwika. Palibe galimoto
imalowa pa gulaye ndi liwiro lomwe yabwera nalo."
Ndinagwira cholembera chofiira nthawi yaitali.

Usiku kunagwa mvula yamawawa ya São Paulo,
msewu wathu wonse unafufutika.
M'mawa ndinawapeza atagwada kale pasimenti yonyowa,
choko chikukana kulemba,
akukangana kuti gulaye wachitatu anali masentimita angati.
Jucimara anali atavulanso nsapato.